Cikope Cogwa

Ku Chibolya, monganso m'makomboni ena a mu Lusaka, nthawi zina pamabadwa mwana wa cikope cogwa. Aoneka ngati ali ndi tulo, ndipo anzace amseka, koma si ulesi ai. M'kati mwa cikope ca kumwamba muli kamnofu kocikweza. Kamnofuko kakapanda kukula bwino mwana akali m'mimba, cikope cilephera kukwera. Kawirikawiri cigwa mbali imodzi yokha.

Mwana wotere akweza cibwano ndi nsidze kuti aone zolembedwa pa bolodi. Coopsa ndi ici: ubongo uphunzira kupenya mwana asanapitirire zaka 7 kapena 8. Cikope cikatsekereza kuwala pa zaka zimenezi, disolo lifooka, ndipo akakula kuliciritsa nkovuta.

Mankhwala a zitsamba sangakweze cikope. Makolo ayenera kupita naye msanga ku cipatala ca Kanyama, kumene angawatumize kwa madokotala a maso ku University Teaching Hospital. Iwo afupikitsa kamnofu kaja, kapena amangirira cikope ku mnofu wa pa mphumi. Nthawi zina aphimba diso labwino maola angapo tsiku ndi tsiku, kuti lofookalo lizolowere nchito.