South Africa ndi Nkhani ya Chakudya cha Anthu a ku Gaza

Pa 29 Disembala 2023, boma la South Africa linakasuma dziko la Israel ku Khoti Lalikulu la Dziko Lonse ku The Hague. Linati zochitika ku Gaza zikuphwanya pangano la 1948 loletsa kupulula mtundu wa anthu. Israel inakana mlanduwo, nkunena kuti ikumenyana ndi gulu la Hamas lomwe linapha anthu pafupifupi 1,200 pa 7 Okutobala chaka chomwecho.

Milandu yotere imatenga zaka, koma wanjala sadikira chigamulo. Nchifukwa chake maloya a South Africa anapempha kuti khoti liyambe lapereka malamulo achangu. Pa 26 Januwale 2024, oweruza analamula Israel kuonetsetsa kuti thandizo likufika kwa anthu wamba. Pa 28 Malichi, poona kuti njala yafika povuta, anawonjezera kuti zipata za m'malire zichuluke ndipo zikhale zotsegula, kuti chakudya, madzi, mankhwala ndi mafuta zizilowa mosadodometsedwa. Mu Meyi anatchula mwachindunji chipata cha Rafah.

Vuto nlakuti khotili lilibe asilikali okakamiza malamulo ake, ndipo malole ambiri anapitiriza kuima pamzere kumalire.

Yemwe anali nduna ya South Africa yoona za maubale ndi mayiko ena panthawiyo, Naledi Pandor, ankalumikiza nkhaniyi ndi mbiri ya tsankho la apartheid, ndipo nzomveka kuti dziko lomwe linalawa nkhanzazo lisakhale chete. Koma kulimba mtimako kunali ndi mtengo wake. Mu Febuluwale 2025, Pulezidenti Donald Trump anaimitsa thandizo la America ku South Africa, ndipo mlanduwu unali chimodzi mwa zifukwa zimene anatchula.