Kodi mbale zamaluwa za m'kabati zinachokera kuti?

M'nyumba zambiri ku Nchalo, ku Ngabu ndi ku Bangula, pabalaza pamakhala kabati yagalasi. M'menemo muli mbale ndi makapu omwe amatuluka pokhapokha kukabwera alendo. Tsiku lina mupemphe amayi akutulutsireni mbale imodzi, muitembenuze mosamala. Kawirikawiri pansi pake mupeza mawu akuti "Made in China". Yang'ananinso fulasiki, makatani, wotchi yapakhoma ndi maluwa apulasitiki aja.

Katundu wotere anachuluka dziko lathu litapalana ubale ndi China mu Disembala 2007, nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika. Ku China kuli mzinda wa Yiwu, womwe uli ndi msika waukulu kwambiri wa tinthu ta m'nyumba. Katunduyo amakwera sitima yapamadzi mpaka kumadoko monga Beira, kenako malole amamufikitsa ku Limbe. Amalonda athu akakapikula kumeneko amatsika naye mapiri a ku Thabwa, kuoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kufika pamsika wakwanu.

Tsopano muone bwino duwa lojambulidwa pambale kapena pa fulasiki. Ngati ndi lalikulu, lofiira, la masamba ambiri opiringizana, mwina ndi peony, lomwe anthu a ku China amalitcha mfumu ya maluwa. Kwa iwo limatanthauza chuma ndi ulemu, ndipo mtundu wofiira ndi wa mwayi ndi chimwemwe. Duwali limakonda malo ozizira, kotero m'chigwa chathu cha Shire chotenthachi timangoliona pambale basi.

Koma chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi ichi: mbale za ku China zinafika kuno kalekale, agogo a agogo anu asanabadwe. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza mikanda yagalasi ndi tizidutswa ta mbale za ku China ta zaka zoposa 400. Masiku amenewo amalonda ankachokera kunyanja yamchere n'kukwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Ankafuna minyanga ya njovu, komanso machila, nsalu zathonje zomwe Amang'anja a kuno kuchigwa ankaluka. Taganizani, mbale yosachedwa kusweka kuyenda ulendo wonsewo popanda galimoto!

Chinkakopa anthu n'chiyani? Amisiri a mumzinda wa Jingdezhen ku China ankaumba ndi dothi loyera, n'kuliotcha mu uvuni wotentha kupitirira madigiri 1,200. Pamoto wotere dothi limalimba ngati galasi. Ndiye chifukwa chake mbale yotere imawala, silowa madzi, ndipo mukaigogoda ndi chala imalira kuti ngwee.

Mtsuko wa agogo umaotchedwa pamoto wa nkhuni, wosafika pamenepo, kotero umatsala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi pang'ono amatulukira m'timabowoto, ndipo akamauma ndi mphepo amachotsa kutentha. N'chifukwa chake mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo ku Nsanje, madzi a mumtsuko amakhala ozizira pomwe a m'ndowa yapulasitiki afunda.

Monga mbale zamaluwa zija, mkeka wapulasitiki nawo ndi wokongola ndipo suvuta kutsuka. Komabe ine ndimadandaula ndikaona ukulanda malo a mphasa yabango ndi mkeka wamlaza, zomwe amaluka anthu akwathu konkuno. Masana ano yesani kugona pa mkeka wapulasitiki, kenako pamphasa, mumve pamene msana ukuyamba msanga kutuluka thukuta.