Chikombole cha Mphira Choumbira Miyala Yopondapo

Miyala ya konkire yopondapo pabwalo, ija yooneka ngati tsamba, nsomba kapena phazi la njovu, imaumbidwa m'chikombole cha mphira. Chikombole cha matabwa chimakwanira pa njerwa, koma mwala wa zokongoletsa umakanirira m'matabwa n'kubenthuka pochotsa. Mphira imapindika, motero imasendeka popanda kuwononga mzere uliwonse.

Ntchito imayamba ndi chitsanzo cha mwalawo, choumbidwa ndi dongo kapena chosemedwa pamtengo, chochindikala pafupifupi masentimita 5. Amachimata pathabwa lalikulu, nkhope itayang'ana kumwamba, n'kuchipaka vanishi kuti atseke timabowo tomwe mphira ingalowemo.

Mphira yogwiritsa ntchito ndi lateksi, utomoni wa mtengo wa Hevea brasiliensis, womwe umalimidwanso ku Vizara m'boma la Nkhata Bay. Amaigulitsa yamadzimadzi, yothiridwa amoniya kuti isaundane, ndipo fungo lake lolasa mphuno limafuna malo opita mphepo. Amaipaka ndi burashi, ndipo kupaka koyamba ndiko kofunika kuposa konse. Kuyenera kukhala kopyapyala, kofika m'kamzere kalikonse, chifukwa kathovu kotsalira pamenepa kadzaoneka pamwala uliwonse wotuluka m'chikombolecho. Ikauma, mphirayo imasiya kuyera ngati mkaka n'kukhala yachikasu, ndipo mpamene amapakanso. Amabwereza kakhumi kapena kupitirira, akuyala bandeji pakati kuti chikombole chisang'ambike, ndipo amapakanso masentimita angapo pathabwa kuti pakhale mlomo wogwirapo. Wopupuluma amene wapaka yambiri kamodzi amaumitsa pamwamba pokha, mkati musanaume. Ntchitoyi imatenga masiku, ndipo palibe njira yachidule yoyenera kuikhulupirira.

Payokha mphira singapirire kulemera kwa konkire. Isanasendedwe pachitsanzo, amaikuta ndi chigoba cha pulasitala wa Paris kapena faibagalasi, chimene chimaigwira kuti isaphwasuke pothira.

Asanathire konkire amapaka m'chikombole madzi a sopo kapena mafuta a nsatsi osungunulidwa mu sipiriti. Oyilo wa galimoto, dizilo ndi Vaseline, ngakhale amapakidwa pazikombole za matabwa ndi zitsulo, amafewetsa lateksi mpaka kunata, ndipo zikombole zabwino zimawonongekera pamenepa. Msakanizo wodziwika ndi muyezo 1 wa simenti, 2 ya mchenga ndi 3 ya timiyala ting'onoting'ono, madzi osachuluka. Akathira theka amagogoda m'mbali kuti mpweya ukwere, amayala waya wa khola la nkhuku, kenako amadzazitsa. Nkhope ya mwala imakhala pansi pa chikombole, choncho mpweya wosatuluka umasiya zibowo pomwe anthu adzayang'ane.

Mwala umachotsedwa patapita maola 24 mpaka 48, n'kumathiridwa madzi pamthunzi kwa masiku 7, ndipo mphamvu yake imakwanira pa masiku 28. Chikombole amachitsuka, amachiumitsa, n'kuchisunga m'chigoba chake pamalo amdima, popeza dzuwa limachititsa lateksi kuuma ndi kung'aluka.