Tizitsulo Tosaoneka ndi Maso Toyeretsa Madzi

Inu alimi a kachewere ku Tsangano ndi a fodya ku Macanga, kodi mukamaliza kupopera mbewu, pampu mumatsukira kuti? Mankhwala a mbewu akalowa m'madzi, kuwiritsa kapena kuthira Certeza sikuwachotsa. Njira zimenezi zimangopha tizilombo toyambitsa matenda.

Mu 1997, Chuan-Bao Wang ndi Wei-xian Zhang a pa yunivesite ya Lehigh ku America anasonyeza kuti tizidutswa tachitsulo totchedwa nanoparticles timasungunula mphamvu ya poizoni wina m'madzi. N'tating'ono zedi moti 500 titandandalikidwa sitingafike kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Komatu njirayi imafuna akatswiri ndi ndalama zambiri. Choncho tsukirani pampu kutali ndi mtsinje kapena chitsime, ndipo musatungire madzi m'zigubu za mankhwala.