Kuphunzitsa Ana Liu La E M'Cingelezi

Lero tikamba za lemba limodzi lokha, ndilo E, monga limveka m'mau akuti bed, pen, hen ndi ten. Angelezi amalicha E wamfupi.

Mwana wolankhula Cinyanja ali nalo kale liu limeneli m'kamwa mwace, pakuti lifanana ndithu ndi E wa m'mau athu akuti lero, pepala, mbeu. Koma ife tiri ndi malemba asanu, a, e, i, o, u, ndipo liri lonse liri ndi liu lace limodzi. Cingelezi ciri ndi malemba omwewo, koma asenza maliu ambiri. Daniel Jones, mphunzitsi wa ku London amene anaturutsa buku la kachulidwe ka mau a Cingelezi m'caka ca 1917, anawerenga maliu otere 12, osawerengera ena ophatikizana awiri-awiri.

Cophunthwitsa coyamba ndi dzina la lembalo. M'Cingelezi dzina la E limveka ngati I wathu. Tsono mwana amene analoweza A B C poyimba, akaona pen adzawerenga monga pin, ndiye kuti colembera casanduka phini. Yambani ndi liu, dzina libwere pambuyo.

Bvuto lalikuru liri kumapeto kwa mau. Mau onse a Cinyanja amatha ndi limodzi la malemba asanu aja, ndipo lilime la mwana silifuna kuima popanda ilo. Ndico cifukwa cace bed anasanduka bedi, bell anasanduka belu, net anasanduka neti, ndi desk anasanduka desiki. Mau amenewa tsopano ndi athu, ndipo palibe cocititsa manyazi powachula pamudzi. Koma powerenga Cingelezi mwana ayenera kudula mcira umenewo. Musamkalipire, kukalipa kungomtseka pakamwa. Muuzeni aombe m'manja: bedi aombe kawiri, bed aombe kamodzi kokha. Posacedwa khutu lace lidzamva cimene manja acita. Pamenepo lembani en pa sileti, ndipo muzisintha lemba la kutsogolo lokha: hen, pen, ten, men. Mawa lace tengani et, mupange net, wet, get. Mau anai pa tsiku akwanira. Ngati nkotheka bwerani ndi cinthu ceni-ceni, dzira kaya belu la sukulu, kuti liu likhale ndi mwini wace.

Palinso mau amene ife akulu omwe timawasokoneza: bed ndi bad, pen ndi pan, men ndi man. Kusiyana kwace si kwacabe ai, pakuti man ndi mwamuna mmodzi, koma men ndi amuna ambiri. Mwana aike cala pa cibwano cace nachule mau awiriwo motsatana. Adzamva kuti pa man cibwano citsika kopambana, ndipo pakamwa payasama.

Tsiku lina mwana wocenjera adzakufunsani za head, bread ndi said, m'mene liu lomweli lalembedwa ndi malemba awiri. Muuzeni kuti wamva bwino, ndi kuti mau amenewo mudzawatenga akatha kuwerenga hen ndi net osaika I kumapeto.