Vinyo wofiira wokhalitsa pambali pa nsima: kalawidwe kake ndi mankhwala amene sagwirizana naye

Mwina abwana anu kapena mnzanu wa kuntchito anakupatsani botolo la vinyo wofiira pa Khirisimasi, lolembedwa kuti Reserva, ndipo mpaka lero lili pamwamba pa firiji. Lichotsenipo. Pamwamba pa firiji pamatentha, ndipo kutentha kumawononga vinyo msanga. Liikeni pamalo ozizira ndi amdima, kutali ndi hita, mutaligoneka ngati chitsekero chake n'cha cork. Funso lenileni ndi lakuti, mudzamwa ndi chakudya chanji, ndipo thupi lanu lili ndi mankhwala anji tsiku limenelo?

Choyamba dziwani kuti si vinyo aliyense amene amakoma akakhalitsa. Wambiri wa m'masitolo ngati Tesco ndi Sainsbury's anapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka zochepa. Wokhalitsa weniweni mumamudziwira pa lebulo. Ku Rioja, m'dziko la Spain, malamulo amati vinyo wofiira wa Crianza asungidwe zaka 2, Reserva zaka 3, Gran Reserva zaka 5, ndipo mbali ina ya nthawiyo akhale m'migolo ya mtengo wa oak. Ubwino wake, akusungirani kale, ndipo simukufunika kupita ku sitolo yakalekale ya Berry Bros. & Rudd pa St James's Street kuti mumupeze. Amene munakhalako ku Joni mukudziwa Pinotage, mphesa imene Abraham Perold anaipanga ku Stellenbosch mu 1925. Pinotage wabwino nayenso amakhalitsa.

Chimene chimasintha m'botolomo ndi tannin, amene amachokera ku makoko ndi njere za mphesa. Mukatafuna nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wa ku Thyolo wowiritsa kwambiri wopanda mkaka, m'kamwa mumauma. Ameneyo ndiye tannin. Pakapita zaka amafewa, wina amakhazikika pansi pa botolo ngati masese, mtundu wa vinyo umachoka pa kufiira koderako n'kumaoneka ngati njerwa yowotcha. Fungo la zipatso zaziwisi limachepa, m'malo mwake mumamva zipatso zouma, chikopa, fodya wa m'chigafa, nthawi zina ngati dothi la mvula yoyamba.

Imikani botolo tsiku lonse musanatsegule kuti masese apite pansi. Thirani pang'onopang'ono, dontho lomaliza lisiyeni. Nyumba zathu kuno zimakhala zofunda nthawi yozizira, choncho liikeni mu firiji mphindi 20 kuti lifike pa madigiri 16 mpaka 18. Nunkhizani musanamwe. Likamanunkha ngati katoni yonyowa, chitsekero chinawononga vinyoyo. Sangakudwalitseni, koma sakoma.

Tsopano ku mbale. Nsima payokha ilibe mkangano ndi vinyo aliyense, nkhani ili pa ndiwo. Tannin amafewa akakumana ndi mafuta ndi nyama, n'chifukwa chake nyama ya mbuzi kapena ya ng'ombe yophika nthawi yaitali ndi anyezi ndi tomato, yonga mumagula ku Rye Lane ku Peckham kapena ku Ridley Road, imayenda bwino kwambiri ndi Rioja Reserva. Masamba otendera nawonso amakhala bwino, chifukwa nsinjiro zili ndi mafuta. Ineyo ndimaona kuti Gran Reserva amakoma koposa ndi bowa kapena nkhuku yowotcha, popeza vinyo wakale kwambiri amakhala wofatsa ndipo msuzi waukali umamukwirira.

Pali ndiwo ziwiri zimene ndingakuletseni. Usipa ndi matemba zikakumana ndi vinyo wofiira, m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo. Chachiwiri ndi tsabola. Nali kapena kambuzi amachititsa mowa kuwotcha kwambiri pakhosi, ndipo fungo lonse limene munadikirira zaka limasowa. Tsiku la kambuzi, thobwa ndiye mwini wake.

Apa ndiyankhule ngati wa ku famasi, pakuti anthu ambiri amene ndimawapatsa mankhwala safunsa za vinyo. Amaganiza kuti mawu oti "musamwe mowa" akunena za Carlsberg ndi kachasu basi, ati vinyo ndi wa pa tebulo. Chiwindi sichisiyanitsa.

Ngati mukumwa metronidazole, amene madokotala a mano amakonda kupereka, musalawe ngakhale pang'ono mpaka patatha masiku 2 mutamaliza mankhwalawo. Mungasanze, mtima n'kumathamanga, nkhope n'kutentha. Ngati muli pa mankhwala a TB, makamaka isoniazid, vinyo wofiira ndi woipa pawiri: amalemetsa chiwindi chimene chikulimbana kale ndi mankhwala, komanso ali ndi histamine ndi tyramine, zimene isoniazid amalepheretsa thupi kuzichotsa bwino, ndiye mutu umapweteka ndipo thupi limatentha. Amene mumamwa warfarin, kumwa kwambiri tsiku limodzi kumasokoneza INR ndipo magazi angamatuluke osasiya msanga. Ibuprofen ndi naproxen pamodzi ndi mowa zimakanda m'mimba. Codeine, tramadol ndi mankhwala ogonetsa akakumana ndi mowa, tulo timapitirira muyezo ndipo kupuma kumachepa.

Matenda a shuga ndi BP ndi ofala pakati pa ife anthu akuda kuno ku UK, ndiye ndikhalepo pang'ono. Ngati mumadzibaya insulin kapena kumwa gliclazide, mowa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, ndipo shuga angatsike usiku muli m'tulo, patapita maola angapo mutadya. Choopsa n'chakuti zizindikiro zake, chizungulire ndi kuyankhula mosokonekera, zimafanana ndi kuledzera, moti a m'nyumba angangoti "asiyeni agone." Musamwe musanadye, yezani shuga musanagone, ndipo auzeni a m'nyumba zimenezi. Amene muli pa amlodipine kapena ramipril, tambula imodzi ingakuchititseni chizungulire mukaimirira, pomwe kumwa masiku onse kumakweza BP imene mukulimbana nayo. Wodwala gout adziwe kuti nyama yofiira ndi mowa zonse zimakweza uric acid. Mayi woyembekezera asamwe n'komwe.

Nanga muyezo? Malangizo a akuluakulu a zaumoyo ku UK a mu 2016 amati amuna ndi akazi asapitirire mayuniti 14 pa sabata, ogawidwa pa masiku atatu kapena kuposerapo. Kuwerengera kwake n'kosavuta: mamililita kuchulukitsa ndi peresenti ya pa lebulo, kugawa ndi 1,000. Botolo la 750ml la 14% lili ndi mayuniti 10.5. Mukagawana awiri, aliyense wamwa oposa 5 pa chakudya chimodzi. Matambula a kunyumba amanamiza, chifukwa wothira ndi inu nomwe, ndipo 250ml ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo. Thirani 125ml, botolo likwanira anthu asanu ndi mmodzi. Thupi limachotsa pafupifupi yuniti imodzi pa ola, choncho amene mumadzuka m'bandakucha kuyendetsa galimoto kupita ku shifiti, werengani maolawo.

Zoti vinyo wofiira amateteza mtima musazitengere. Resveratrol amene amatchulidwa uja ndi wochepa kwambiri m'tambula, ndipo mu Januwale 2023 bungwe la WHO linanena kuti palibe muyezo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi. Ngati simumwa, musayambe chifukwa cha mtima. Ngati mumamwa, imwani chifukwa akukoma ndi mbuzi ija.

Vinyo wokhalitsa akatsegulidwa sachedwa kutha mphamvu. Wotsala mumutseke, mumuike mu firiji, mawa lake muthire mu nyama ikamaphika. Kuphika sikuchotsa mowa wonse, ndiye musanapakule funsani ngati pali mlendo amene ali pa metronidazole kapena amene chipembedzo chake sichilola. Ndipo ulendo wina mukabwera kudzatenga mankhwala, tifunseni pa kauntala ngati akugwirizana ndi vinyo. Sipafunika apointimenti, komanso sitilipiritsa.