Mwana wa ku doko amene anajambula Tete

Lero tiyeni tiŵerenge chithunzi. Inde, chithunzi nacho chimaŵerengedwa.

M'mabuku akale timapezamo zithunzi za madoko a ku England. Madzi ali bata. Ngalaŵa zaima m'mbali. Zambiri mwa zithunzi zimenezi anazijambula ndi utoto wosungunula m'madzi. Wojambula amanyoŵetsa burashi, natapa utoto pang'ono, napaka pa pepala lokhuthala. Akafuna mtambo woyera, sapakapo kanthu. Amangosiya pepala loyeralo. Akalakwitsa, kufufuta nkovuta. Ntchito imeneyi siifuna phuma.

Ife a ku mapiri a Angónia, ku Ulongwe ndi ku Domwe, nyanja ya mchere tili nayo kutali. Nanga doko la ku England litikhudza bwanji?

Ku England kuli doko lotchedwa King's Lynn. Kumeneko kunabadwa Thomas Baines m'chaka cha 1820. Bambo wake anali woyendetsa zombo. Ali mnyamata anaphunzira kupenta ngolo za akavalo. M'chaka cha 1858 anafika pa mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi David Livingstone, ndipo anayenda mu mtsinjewo pa sitima yotchedwa Ma Robert. Ntchito zake zinali ziŵiri: kujambula ndi kusunga katundu wa ulendo.

Utoto wa madzi unamuthandiza kwambiri. Umakwana m'kabokosi, ndipo suchedwa kuuma. Makamera a nthaŵi imeneyo anali olemera ndi ovuta. Baines anajambula mudzi wa Tete, mabwato, ndi mathithi a Kebrabasa. Pamalo pamenepo mpamene anamanga damu la Cahora Bassa, limene linatha m'chaka cha 1974. Madzi anakwera, malo ambiri namira. Wofuna kuona mtsinjewo mmene unalili kale, ayang'ane zithunzi za Baines.

Koma tiziyang'ana ndi maso aŵiri. Masiku amenewo Tete anali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo anthu ambiri onyamula katundu ndi opalasa mabwato anali akapolo. Pa chithunzi madzi aoneka abata, koma utoto suonetsa kuŵaŵa kwa msana.

Baines naye sizinamuyendere. M'chaka cha 1859 Livingstone anamuchotsa ntchito, ati anaba katundu wa ulendo. Iye anakana mlanduwo. Anamwalira ku Durban m'chaka cha 1875. Zina mwa zithunzi zake za Zambezi zikusungidwa ku London, ku bungwe la Royal Geographical Society.